Koni, rampu, zitseko kapena kabampu: khomo la mpweya wa injini ya ndege labwino ndi liti?

Anthu ambiri akaona injini ya ndege amangoti chibowo chakutsogolo chija ndi chibowo basi, mpweya ulowe injini igwire ntchito nkhani yatha. Pa ndege zonyamula anthu zomwe zimatera ku Chileka munthu utha kunena choncho osalakwa kwenikweni, koma ndege ikangodutsa liwiro la phokoso chibowo chimenechi chimasanduka makina pachokha, china chimakhala ndi ma hayidiroliki, masensa, mpaka kompyuta yakeyake. Nde ndati tiyerekeze njira zomwe ma injiniya anayesapo pa inteki imeneyi, ina ndi ina ubwino wake ndi mtengo wake, kenako titsikire kuno kwathu kuchigwa komwe vuto lathu si Mach 2 (kuthamanga kawiri liwiro la phokoso) ayi koma fumbi ndi dzuwa la Okutobala.

Choyamba timvetsetsane vuto lenilenilo. Kompresa ya injini ya jeti, mapeni ozungulira omwe amaphinja mpweya usanafike kumoto, imafuna mpweya uzifika pamaso pake ukuyenda pafupifupi theka la liwiro la phokoso, Mach 0.4 kaya 0.5, ndipo uzifika wosalala mofanana mbali zonse. Ukafika wosokonekera mapeni a kompresa amalephera kuugwira, injini imatsamwa, pena kuchita kuphulitsa moto kutsogolo. Tsono ndege ili pansi ikufuna kunyamuka, mpweya panja wangoima, injini ikuchita kukoka ndi mphamvu zake zonse ndipo khomo limaoneka kuchepa. Ndege yomweyomweyo ikafika pa Mach 2 mpweya ukubwera wambiri kuposa umene injini ingameze, komanso ukuthamanga kanayi kuposa momwe kompresa ikufunira. Khomo ndi limodzi koma ntchito ndi ziwiri zotsutsana.

Amene munaimapo pa geti ya ngalande zothirira nzimbe ku Nchalo kapena ku Kasinthula mukudziwa zomwe madzi amachita. Amatuluka pansi pa geti ali opyapyala akuthamanga zedi, kenako patsogolo pang'ono amangodumpha, kufufuma, thovu kuti waa, kuchoka pamenepo ayamba kuyenda mwaulesi ali akuya. Mpweya wothamanga kuposa phokoso umateronso, sutsitsa sipidi pang'onopang'ono ayi, umadumpha pa kamzere kopyapyala komwe ma injiniya amati shock wave, ine ndizingoti funde. Ndipo thovu lonse lija ndi mphamvu yopita pachabe. Mukausiya mpweya udumphe kamodzi kokha pa funde lowongoka, pa Mach 1.3 mumataya 2 peresenti yokha ya presha, palibe wodandaula. Pa Mach 1.6 ndi pafupifupi 10 peresenti. Pa Mach 2 yafika 28 peresenti, pa Mach 2.5 theka lonse lapita, pa Mach 3 mumatsala ndi gawo limodzi mwa atatu basi. Presha yotayikayo ndi mphamvu yokankhira ndege yomwe yatayika, mafuta mukuwotcha omwewo.

Nzeru yake nde ndi yoti mpweya uzidumpha kangapo pang'onopang'ono pa mafunde opendekeka, usanafike pa lowongoka lomaliza lomwe tsopano limakhala lofooka. Funde lopendekeka mumalipanga poika chinthu chosongoka kutsogolo kwa khomo. Koma pali kanthu, kupendekeka kwa fundelo kumasintha ndi sipidi, ndege ikamathamanga kwambiri funde limagonera m'mbuyo. Inu mukufuna lizigwera pamlomo penipeni pa inteki. Likagwera kutsogolo mpweya wambiri umatayikira panja nkumakoka ndege m'mbuyo, likalowa mkati kumayamba chipwirikiti. Ndiye kuti china chake chiyenera kumasuntha. Funso ndi loti chisunthe chiyani.

Osasuntha kalikonse

Njira yoyamba ndi yongokana zonsezi. Bowo lamlomo wonenepa wozungulira, palibe chosuntha, monga pa Boeing 737 ndi Airbus za masiku ano zomwe zimayenda cha pa Mach 0.8. Kwa izi nkhani ndi yosavuta ndipo sindichedwapo. Chosangalatsa ndi ndege yankhondo ya F-16, yomwe imafika Mach 2 koma ili ndi bowo wamba pansi pa mimba. Omwe anaipanga anawerengera kuti nkhondo ya ndege imachitikira cha pakati pa Mach 0.6 ndi 1.6, nde bwanji kunyamula zitsulo zolemera zothandiza pa sipidi yomwe payiloti azifikako mwa apo ndi apo? Anavomera kutaya presha kumtunda kuja kuti ndege ikhale yopepuka komanso yotchipa. Musaiwale chisankho chimenechi chifukwa chibweranso.

Koni yosuntha

Iyi ndi ija mumaiona pamphuno ya MiG-21, ndege yomwe aneba athu a ku Mozambique ndi Zambia anakhala nayo. Pakati pa bowo pali chisonga chozungulira, chimapanga funde lozungulira ngati chulu cha mpweya, ndipo chimayenda kutsogolo ndi m'mbuyo pa njanji yake. Pa MiG-21 zoyambirira koni inali ndi malo atatu okha, ili mkati mpaka Mach 1.5, imatuluka pang'ono pakati pa 1.5 ndi 1.9, kenako imatulukiratu kupitirira pamenepo. Zamtsogolo anazikonza kuti iziyenda mosadukiza. Logic yake ndi yosavuta, funde likamagonera m'mbuyo inu kankhirani koni kutsogolo kuti lizigwerabe pamlomo.

Ubwino wa koni ndi woti chosuntha ndi chimodzi, chikuyenda mzere umodzi, ndipo chinthu chozungulira chimapirira presha bwino popanda kuchinenepetsa, komanso mpweya umafika ku injini uli kale mu paipi yozungulira momwe kompresa imafunira. Kuipa kwake kuli pawiri. Koyamba, koni yadya mphuno, pomwe pamayenera kukhala rada. Pa MiG-21 rada inachita kupanikizidwa mkati mwa koni momwemo nde sikanatha kukula, ndege yothamanga koma yoona pafupi. A ku France pa Mirage III ndi Mirage F1, zomwe South Africa inali nazo, anadula koni pakati nkuika theka mbali ino theka mbali inayo ya thupi la ndege, mphuno nkutsala ya rada. Kwachiwiri, koni imakonda mpweya wobwera molunjika. Ndege ikadzutsa mphuno kwambiri pokhota, mbali yapansi ya koni ikulandira mpweya wambiri yapamwamba ikubisika, injini imalandira mpweya wopendama.

Koma mfumu ya makoni ndi SR-71 Blackbird ya Lockheed, yomwe inauluka koyamba pa 22 Disembala 1964 ndipo mu Julayi 1976 inafika makilomita 3,529 pa ola. Apa pali chinthu chomwe chimasokoneza anthu ambiri, koni ya SR-71 imabwerera M'MBUYO sipidi ikamakwera, mosiyana ndi ya MiG-21. Imakhala ili kutsogolo mpaka Mach 1.6, kuchoka pamenepo imayamba kulowa mkati pang'onopang'ono mpaka masentimita 66 pofika cha ku Mach 3.2. Chifukwa chake nchoti pa sipidi imeneyo mafunde akunja okha sakwana, nde anachita dala kulowetsa mafunde ena mkati mwa paipi, mpweya uziphinjikira mkatimo, funde lomaliza nkukhala pa khosi pomwe paipi yachepa kwambiri. Koni ikabwerera m'mbuyo pakamwa pamakula koma khosi limachepa. Zotsatira zake ndi zodabwitsa, pa Mach 3.2 mphamvu yokankha pafupifupi 54 peresenti inkachokera pa inteki, 17 yokha pa injini ya J58 yeniyeniyo, yotsalayo kumbuyo kotulukira utsi.

Mtengo wake nawo unali woopsa. Funde la pakhosi lija limakhala ngati laima pa nsonga, presha ikasintha pang'ono chabe limalavulidwa kunja kamodzinkamodzi, zomwe amati unstart. Injini ya mbali imeneyo mphamvu zimathera pompo pomwe inzake ikukankhabe, nde ndege imagwedezekera mbali mwamphamvu moti ma payiloti ankamenyetsa chipewa pa galasi. Pa 25 Januwale 1966 SR-71 ina yoyeserera inachita unstart ikukhota pamwamba pa New Mexico pa Mach 3 ndi kanthu, inaphwasukira m'mwamba, payiloti Bill Weaver anapulumuka mnzake Jim Zwayer anamwalira. Kuti fundelo likhazikike panafunika zitseko zotayira mpweya kutsogolo, zina kumbuyo, timabowo toyamwa mpweya pa koni pomwepo, ndi makina owongolera zonsezi nthawi imodzi. Vutoli linadzachepa kwenikweni ataika makompyuta a dijito cha m'ma 1980. Nde amene amati koni ndi njira yophweka akunena zoona pa MiG-21, pa SR-71 ayi ndithu.

Marampu

Apa mpomwe ine mtima wanga uli, ndinene poyera. M'malo mwa chinthu chozungulira mumapanga khomo la makona anayi, kudenga kwake nkuikako malata olimba a mahinjesi omwe amatsika ndi kukwera. Lata lililonse likapendekeka limapanga funde lake. Mukafuna mafunde atatu mumaika marampu atatu, ndipo chifukwa mukusintha kupendekeka kwenikweniko, osati kungosuntha chinthu kutsogolo ndi m'mbuyo, mumakhala ndi ufulu wambiri, mutha kusintha mphamvu ya funde ndi kukula kwa khosi nthawi imodzi.

Chitsanzo chabwino ndi Concorde, yomwe inauluka koyamba pa 2 Malichi 1969, nkuyamba kunyamula anthu mu Januwale 1976 mpaka 2003. Injini iliyonse mwa zinayi za Olympus 593 inali ndi inteki yake, marampu awiri kudenga, yakutsogolo ndi yakumbuyo, pakati pake anasiyapo mpata dala. Pansi pali chitseko. Tiyeni tiyende nayo ulendo wonse. Ponyamuka marampu ali m'mwamba kuti khomo likule, ndipo kachitseko kapansi kamatsegukira mkati kuti mpweya wowonjezera ulowe. Sipidi ikakwera kachitseko kamatsekeka. Pofika Mach 1.3 marampu ayamba kutsika, ndipo pa Mach 2 mafunde onse andandalika bwinobwino kukathera pamlomo wapansi, mpweya wotsika kuchoka pa Mach 2 kufika cha pa 0.5 mu kapaipi ka mamita atatu ndi kanthu. Mpata wa pakati pa marampu uja umameza mpweya waulesi womwe umakwawa pa lata, komanso injini ikasintha pang'ono kufuna kwake mpweya wotsalawo umathawira momwemo popanda chitsulo chilichonse kusuntha, nkukazungulira injini kuiziziritsa. Kameneka ndi kanzeru komwe ine ndimakagomera, kusiya bowo kuti lizigwira ntchito yomwe ikanafuna mota.

Nanga injini imodzi ikazima muli pa Mach 2 anthu 100 akudya kumbuyoko? Injini yozima simeza mpweya, nde wonse uja ulibe kolowera. Marampu amagweratu pansi kuti mpweya wambiri upatukire panja, chitseko chapansi nkutsegukira kunja kutaya wotsalawo, injini yoyandikana nayo osasokonezeka. Pa liwiro lake loyendera inteki ya Concorde inkapereka pafupifupi 63 peresenti ya mphamvu yokankha, ndipo nchimodzi mwa zifukwa zomwe inkatha kukhala pa Mach 2 ikuwoloka Atlantic popanda kuyatsa afterburner (kuwotcha mafuta owonjezera kotulukira utsi kuti mphamvu ikwere), London mpaka New York maola atatu ndi theka. Ndipo poti mafunde ake ambiri anali akunja, sinkavutika ndi unstart ngati SR-71. Zonsezi zinkayendetsedwa ndi makompyuta a dijito, nthawi imeneyo dijito ili yachilendo pa ndege zonyamula anthu.

Ndege zankhondo za marampu nzambiri, F-4 Phantom, F-14, MiG-25, Su-27, Tornado. F-15 inawonjezera kena, mutu wonse wa inteki umawerama ndi kudzuka. Mukaonera vidiyo yake akuiliza muona khomolo likugwa pansi kuti khu injini ikangodzuka. Zimenezi zimathandiza kuti ndege ikadzutsa mphuno khomo liziyang'anabe komwe mpweya ukuchokera, lomwe ndi vuto lija koni limaikanika.

Tsono bilu yake. Lata lathyathyathya silipirira presha ngati chinthu chozungulira, nde liyenera kukhala lonenepa, lolemera. Rampu iliyonse ikufuna mahinjesi, chokankhira cha hayidiroliki kapena sikuluwu, masilo m'mbali kuti mpweya usamadonthe, sensa yoti iziuza kompyuta pomwe rampu ili. Paipi iyenera kusintha kuchoka pa makona anayi kukhala yozungulira isanafike pa injini, nde imatalika. Aliyense amene anagwirapo ntchito pa makina a hayidiroliki olo thirakitala ya kumunda akudziwa kuti pomwe pali silo tsiku lina padzadontha. Ndipo rampu ikakakamira pansi nthawi yotera, injini ikupuma ndi khosi lofinyidwa. Umboni woti bilu imeneyi ndi yeniyeni ndi bomba ya B-1. Yoyamba, B-1A, inali ndi marampu ndipo inafika Mach 2.2. Atabwera ndi B-1B anachotsa zosuntha zonse, sipidi inatsikira pa Mach 1.25, iwo osadandaula chifukwa anapindula pa mtengo komanso rada ya adani inavutika kuiona.

Zitseko zothandizira

Izi sizilimbana ndi mafunde, zimalimbana ndi mbali ina ija ya vuto, pamene ndege ili pansi injini ikusowa mpweya. Zophweka kwambiri ndi tizitseko ta sipuling'i tozungulira khomo, injini ikakoka kwambiri presha mkati imatsika tokha nkutsegukira mkati, sipidi ikakwera tokha nkutsekeka. Palibe mota palibe waya. Boeing 707 inali nato, 747 zoyambirira zinali nato, Harrier yomwe imaima m'malere inali nato tambiri chifukwa ikaima chonchija palibe mphepo yokankhira mpweya mkati. Pa ndege za anthu anadzatisiya chifukwa cha phokoso, bola kungonenepetsa mlomo wa inteki.

A ku Russia anapita nazo patali pa MiG-29, yomwe inauluka koyamba mu 1977. Makomo ake ali pansi pafupi ndi dothi, ndipo ankafuna izinyamukira pa mabwalo okumbikakumbika. Nde ili pansi zitseko zimatsekeratu makomo akuluakulu, injini nkumapumira pa timipata ta pamwamba pa phiko. Ikathamanga pofuna kunyamuka zitseko zija zimatseguka. Nzeru yabwino, koma inadya malo, moti pa mitundu ina yamtsogolo anachotsa timipata tija nkuikamo thanki ya mafuta, m'makomo nkuikamo sefa yachitsulo yopindika ngati ya pa Su-27. Boeing 737-200 nayo inali ndi zida zapadera zoterera pa mabwalo a miyala, kapaipi kotuluka pansi pa khomo kopemerera mpweya pansi kuti kamvuluvulu yemwe amanyamula timiyala asapangike.

Kabampu

Iyi ndi ya masiku ano, ndipo ndi F-16 ija yabweranso mwanjira ina. M'malo mwa koni kapena rampu, thupi la ndege amalitupitsa pang'ono kutsogolo kwa khomo, mlomo nkuupendeketsa kutsogolo. Kabampu kameneka kamapanga funde lopendekeka komanso kamakankhira kumbali mpweya waulesi wa pakhungu la ndege, ntchito yomwe kale inkafuna lata lapadera ndi mpata pakati pa inteki ndi thupi. Lockheed Martin anakayesa pa F-16 mu Disembala 1996, pano kali pa F-35, pa JF-17 ya Pakistan ndi China, pa J-10B ndi J-20. Chosuntha palibe olo chimodzi. Nchopepuka, sichifuna sevisi, ndipo palibe makona ndi mipata yobweza rada.

Koma tisanamizane, kabampu si matsenga. Kanawumbidwa kuti kazigwira bwino pa sipidi inayake, kupitirira pamenepo presha iyamba kutayika ndipo palibe choti mungasinthe. F-35 imathera pa Mach 1.6. Chomwe chinasintha ndi choti makompyuta a masiku ano amatha kuwerengera kayendedwe ka mpweya pa chinthu chokhotakhota chonchija, zomwe ma injiniya a m'ma 1960 sakanatha, injini zatsopano zimapirira mpweya wosokonekera kuposa zakale, komanso asilikali anazindikira kuti Mach 2.5 imamwa mafuta mwa mphindi zowerengeka ndipo sapitako kawirikawiri. Nde mukandifunsa ine, kupitirira Mach 2 kwa nthawi yaitali marampu ndiwo dilu, koni ngati muli ndi malo oyiika poti siphinga rada, pansi pa Mach 1.8 chosuntha chilichonse ndi katundu wongolemetsa.

Nanga kuno kwathu?

Ndege zomwe zimatera kuchigwa kuno ndi zing'onozing'ono, zopopera mankhwala m'minda ya nzimbe, za alendo opita ku Majete, ndi ma helikopita omwe tinawaona akutera pa magiraundi a sukulu kutsidya kwa Shire nthawi ya madzi osefukira a 2015 komanso ya Freddy mu 2023. Palibe ya Mach 2 apa, koma nazonso zili ndi makomo osinthika ndipo kusankha kwake nkovutanso.

Tiyambe ndi kutentha. Nchalo ili pansi kwambiri, mamita osafika 100 kuchokera pa nyanja yamchere, nde munthu ungaganize kuti mpweya ndi wokwanira. Koma mpweya wa madigiri 40 ndi wopepuka ndi pafupifupi 8 peresenti poyerekeza ndi wa madigiri 15 omwe mabuku a injini amawerengera. Masana a Novembala kukafika 42, injini imamva ngati ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 pomwe matayala ali pa dothi la Chikwawa. Ndiye kuti musanayambe nkomwe kukamba za fumbi, mphamvu zina zapita kale. Onjezani fumbi lathu lija, matope a Shire akauma amasanduka ufa wosalala womwe umalowa olo mu foni, komanso nyengo yodula nzimbe phulusa lakuda lomwe limagwera pa zovala zoyanika. Zimenezi zikalowa mu injini zimapala mapeni a kompresa mpaka nsonga kutha, zina zimakasungunuka kumoto nkumata timabowo toziziritsira thebaini, mapeni akumbuyo omwe amazunguzidwa ndi mpweya wamoto.

Njira yoyamba ndi chitseko chopatutsa, chomwe chili pa ndege zambiri za injini ya PT6 ya Pratt & Whitney Canada, monga Cessna Caravan. Injini imeneyi imapumira kumbuyo kwake, nde mpweya umayenda mu paipi kenako nkukhota kuti ulowe. Payiloti akakoka chogwirira, zitseko mu paipimo zimasintha, kukhota kumakhala kwadzidzidzi ndipo kumapeto kumatseguka njira yotulukira panja. Mpweya poti ndi wopepuka umakhota, mchenga, timiyala ndi madzi oundana poti nzolemera zimapitirira nkutayidwa kunja. Sichitsekeka ndi fumbi, palibe chotsuka. Koma mukachitsegula mphamvu imatsika pang'ono ndipo kutentha kwa mkati mwa injini kumakwera, tsono pa tsiku la madigiri 42 geji ya kutentha ili kale pafupi ndi mzere wofiira. Mwaona pomwe pali nkhani? Payiloti ayenera kuwerengera katundu ndi kutalika kwa bwalo ali ndi chitsekocho m'maganizo. Komanso chimagwira bwino zinthu zolemera, ufa weniweni wosalala uja wambiri umakhota limodzi ndi mpweya nkulowabe.

Pa ma helikopita vuto ndi lalikulu chifukwa amadzipangira okha fumbi potera, mpaka osaoneka. Mi-8 ndi Mi-17 amavala zinthu zozungulira ngati bowa kutsogolo kwa makomo, mpweya uzikhota fumbi lizipatuka. Ena amaika bokosi la timapaipi tambirimbiri tozungulitsa mpweya, fumbi nkuponyedwa m'mbali nkuyamwidwira kunja, ndipo timeneti timagwira fumbi losalala bwino kuposa chitseko chopatutsa, koma timadya mphamvu nthawi zonse chifukwa payenera kukhala fani kapena mpweya wa ku kompresa wokokera fumbilo panja.

Njira yachitatu ndi fyuluta yeniyeni, yansalu yopindapinda, yomwe ndege zambiri zopopera mbewu ndi ma helikopita ambiri amagwiritsa ntchito. Pa kugwira fumbi iyi palibe yoiposa, ikakhala yoyera siphinganso mpweya kwenikweni. Vuto lake aliyense wa kabaza wa njinga yamoto pa msewu wa Thabwa kupita ku Fatima akulidziwa, imadzaza. Ikamadzaza injini ikupuma movutikira, nde pamakhala geji yoonetsa kusiyana kwa presha kutsogolo ndi kumbuyo kwa fyuluta, komanso chitseko chapambali choti chitsegulidwe fyuluta ikatsekeka muli m'mwamba. Chitseko chimenechi ndiye chosuntha chofunika kwambiri pa dongosolo lonselo, chifukwa chikakana kutseguka injini itha kuzima, chikapanda kutsekeka bwino fumbi likulowera pambali pomwe inu mukudalira fyuluta.

Ndege za pisitoni za kabureta monga ma Cessna ang'onoang'ono akale zili ndi kachitseko kenanso komwe anthu a kuno angakaseke, kolowetsa mpweya wotentha kuti mu kabureta musaundane madzi. Madzi kuundana ku Nsanje? Eya, zimatheka. Petulo akamasanduka nthunzi pa khosi la kabureta kutentha kumatsika ndi madigiri 20 kapena kuposa, nde tsiku lachinyezi la dzinja pamwamba pa madambo a Elephant Marsh, injini ili pa mphamvu yochepa potsika, ayezi atha kupangika olo kunja kuli madigiri 30. Koma mpweya wotenthawo pa ndege zambiri zotere sudutsa mu fyuluta. Nde kachitseko komwe kakupulumutsani m'mwamba ndi komweko kamwetse injini fumbi mukakasiya kotsegula muli pansi. Nchifukwa chake amangokayesa mwachidule asananyamuke nkukabwezera.

Ndikanakhala kuti ndikusankhira ndege yokhazikika kuchigwa kuno, yonyamuka ndi kutera kambirimbiri pa tsiku pa bwalo ladothi, ndikanatenga fyuluta yokhala ndi chitseko chapambali, bola pakhale makaniko woitsuka pa nthawi yake ndi ya sipeya yosinthira pamene inayo ikuuma. Ndege yongobwera kuchokera ku Chileka kapena ku Lilongwe, kutera kamodzi nkubwerera, chitseko chopatutsa chikukwana, koma ndi bwino izinyamuka m'mamawa kusanatenthe kapena ichepetse katundu. Ndipo kwa amakaniko, mukatsegula bokosi la fyuluta pititsani chala choyera mkati mwa paipi kumbuyo kwa fyulutayo. Chala chikatuluka ndi ufa wofiirira musathamangire kuda fyuluta, yambani mwaona labala ya chitseko chapambali, dzuwa lakuno limaumitsa labala msanga ndipo kamng'alu kochepa chabe kamakwana.